Piritsi la pambali pa kapu ya tiyi

Ndikulankhula ndi inu omvera a ku Nangongwe kwathu kuno ku Kafue, ku Shikoswe, ku Zambia Compound, ku Estates, ndi inu asodzi a ku Chanyanya amene wailesi mwaikoleka pamtengo uku mukusoka maukonde. Lero tikambirana za mankhwala a matenda a maganizo, aja ambiri timangowatchula kuti mankhwala a misala, ndi zimene zimawachitikira mwini wake akakwatiwa, akatenga pakati, ntchito ikatha, akasamuka kapena akaferedwa. Ine sindine dokotala. Ndine malume wa munthu, ndinakhalapo nkhoswe ya ukwati, ndipo pa unkhoswe umenewo ndinalakwitsa chinthu chimene ndikufuna ndikuululireni.

Mwana wa mlongo wanga, dzina ndisunga, anadwala ali ndi zaka 19. Matenda ake ndi aja achipatala amati bipolar. Nyengo ina mtima umakwera, munthu osagona, kulankhula kosapumira, kugawa ziwiya za m'nyumba kwa odutsa m'njira. Nyengo ina umagwa, osadzuka pamphasa, ngakhale kusamba osafuna. Atamupatsa mankhwala anakhazikika. Zaka zinayi zathunthu anagulitsa salaula pamsika, ndipo panalibe kasitomala amene akanaganiza kanthu. Chimene chinkamusunga chinali chaching'ono. Tsiku lililonse ikakwana 20 hours, monga timawerengera nthawi kuno, mayi ake ankaika piritsi pambali pa kapu ya tiyi. Osalankhula, osakalipa. Piritsi, kapu, basi.

Kenaka kunabwera mnyamata waulemu wake, wogwira ntchito kumalire ku Chirundu. Tili mkati mokonzekera kulandira akuchimuna, mlongo wanga anandikokera kuseri kwa nyumba. "Achimwene, za mankhwala zija tisatchule. Akangomva athawa, mwanayu akalambira pakhomo pano." Ine ndinavomera, ndipo sindinavutike n'komwe povomerapo. Alangizi anamulangiza zonse, za kukhitchini, za kuchipinda, za kugwadira apongozi. Za piritsi la 20 hours sanatchule, chifukwa nawonso sitinawauze. Mankhwala analowa m'sutikesi atakulungidwa m'chitenje, pansi penipeni.

Ife tinkaona ngati sitinasinthe kanthu. Mankhwala omwewo, mlingo womwewo. Koma mphika sukhala pamoto ndi fuwa limodzi. Piritsi ndi fuwa limodzi chabe. Lina ndi munthu amene amakumbutsa, amene amaona msanga kuti maso a mnzathuyu asintha. Linanso ndi njira yozolowereka yokatengera ena akatha, kwa anamwino okudziwa nkhope. Tsiku la ukwati tinazula mafuwa awiri, mphika n'kuusiya pa limodzi, ife tili kalikiliki kuvina.

Ku Chirundu ankamwa mobisa, mwamuna akalowa kubafa. Tsiku lina mwamuna wachedwa kusamba, tsiku lina kwabwera alendo, piritsi lagona m'chitenje. Amene anapita nawo atatha, ankanamizira kudzaona mayi ake kuti adzatenge ena. Pa mwezi wachisanu wa banja anazindikira kuti waima, ndipo tsiku lomwelo anataya otsalawo m'chimbudzi. Anatero pokonda mwana wake, ndipo mantha akewo sanali achabe.

Mankhwala amene ankamwa ndi sodium valproate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Epilim, omwenso amapatsidwa kwa odwala khunyu. Amathandiza kwambiri, koma pa mimba ndi oopsa. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene ankamwa valproate ali oyembekezera, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka bwino kapena mlomo wong'ambika, pamene mwa amayi ena onse chiwerengerocho ndi 2 kapena 3. Ana 30 mpaka 40 mwa 100 amachedwa kuyenda, kulankhula kapena kugwira za kusukulu. N'chifukwa chake mu 2023 bungwe la WHO linanenetsa kuti atsikana ndi amayi amene angathe kubereka asamapatsidwe mankhwalawa ngati pali ena amene angawathandize. Tsono tamverani pamene pagona nkhani. Msana wa mwana umatsekeka m'masabata anayi oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Pamene wathuyo ankataya mapiritsi, nyengo imeneyo inali itadutsa kale. Chinkafunika n'chakuti akakhale pansi ndi achipatala ukwati usanachitike, n'kunena kuti, "Ndikukwatiwa, ndipo ndikufuna ana." Iwo akanamusinthira ku mankhwala ena pang'onopang'ono, akumuyang'anira, n'kumuyambitsiratu folic acid. Mawu anayi okhawo ndi amene ife akuluakulu tinamutsekera pakamwa.

Inu amayi amene mukumwa Epilim ndipo mwangozindikira kuti muli ndi pakati, musachite zimene iye anachita. Mulawirire kukiliniki mawa, mapiritsi ali m'manja. Makamaka inu a khunyu, kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa kotsatizana kumene kungatenge mayi ndi mwana yemwe.

Epilim ali ndi mnzake, carbamazepine, uja wa Tegretol, amene ali ndi khalidwe loti ndi ochepa amauzidwa. Amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena m'thupi. Mayi akamamwa Tegretol, mapiritsi olera ndi kaja ka pamkono, Jadelle kapena Implanon, zimachepa mphamvu, ndipo mimba ikhoza kubwera kolerako kali pamkono pomwepo. Kunyumba kumabuka mlandu, bambo n'kumati unakachotsa mobisa. Jakisoni wa miyezi itatu uja wa Depo ndi lupu sizisokonezeka motero. Koma anamwino a zolera adziwa bwanji, khadi la matenda a maganizo mutalisiya dala pansi pa matiresi?

Tibwerere ku Chirundu. Miyezi yonse ya mimba anali bwinobwino, ine n'kuyamba kudzitama chamumtima kuti mwaona, mwana anachira kalekale. Umu ndi mmene matendawa amanyengera. Panado akatha mphamvu, mutu umabwerera tsiku lomwelo. Awa ayi. Amatha kukhala duu masabata kapena miyezi, makamaka kwa amene amabayidwa jakisoni wa pamwezi uja wa Modecate, amene amatuluka m'thupi pang'onopang'ono. Munthu amadumpha mwezi woyamba, palibe chachitika. Wachiwiri, palibe. Lamulungu n'kukaima kutsogolo kutchalitchi kuchitira umboni kuti wamasulidwa. Mwezi wachinayi abale tili ndi matochi, tikumufunafuna cha kumlatho wa njanji.

Anabereka mwana wamkazi, walunga, mwa chisomo chabe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, 2 koloko usiku, foni inalira. Mkamwini. "Amalume, pepani ndakudzutsani. Mwana wanu sindikumumvetsa. Masiku atatu sanagone. Panopa akuchapa matewera ochapachapa, akuimba, ndipo akuti khandali lisayamwe chifukwa ndi mngelo." Ndinagogoda kwa mnzanga wa galimoto, tinatsika mapiri aja a njira ya ku Chirundu usiku womwewo. Pobwerera, wodwala ali kumbuyo ndi mayi ake, ndinamuuza mkamwini zonse, kuyambira zaka 19 zija mpaka chitenje cha m'sutikesi. Anakhala chete mpaka tinawoloka mlatho wa Kafue. Ndiye anati, "Amalume, mukanandiuza, bwenzi ndikumukumbutsa ine." Sanakweze mawu. Bola akananditukwana.

Masabata awiri oyamba mayi atachira ndiyo nyengo yoopsa koposa kwa mayi wodwala bipolar. Mahomoni a mimba amatsika mwadzidzidzi, tulo palibe, thupi latopa. Mwa amayi 1,000 alionse obereka, mmodzi kapena awiri amasokonezeka mutu motere, ena oti sanadwalepo chibadwire. Kafukufuku wa mu 2016, amene anasonkhanitsa zopezeka m'mayiko angapo, anaonetsa kuti mwa amayi a bipolar amene sankamwa mankhwala oteteza ali oyembekezera, awiri mwa atatu anadwalanso atabereka, pamene mwa amene ankamwa, odwalanso sanakwane mmodzi mwa anayi. Chosangalatsa n'chakuti amachizika. Wathuyo anagonekedwa masabata atatu, anatuluka akufunsa mwana wake. Ndiye inu achembere a m'makomboni mwathu, mukaona mayi wa m'chikuta wafika usiku wachiwiri osagona, akulankhula zosalumikizika, musayambe ndi kufufuza amene wamulodza kapena amene wamusempha. Kuchipatala kaye, tsiku lomwelo, ndipo khanda lisatsale naye yekha.

Pali chifukwa china chimene anthu amasiyira mankhwala akalowa m'banja, chimene pawailesi sitikonda kuchitchula. Ndichitchula, ana atseke makutu. Haloperidol, risperidone, chlorpromazine uja wa Largactil, ngakhale fluoxetine wa matenda a kukhumudwa, amatha kuziziritsa thupi kuchipinda. Chilakolako chimachepa, mphamvu imachedwa. Atatu oyambawo amathanso kuimitsa kusamba kwa mayi, mawere n'kumatulutsa mkaka popanda khanda. Mnyamata amene wangopereka malowolo sapita kukadandaula zimenezi kwa anamwino a msinkhu wa mayi ake. Amangosiya, phee. Chonsecho achipatala akauzidwa akhoza kutsitsa mlingo kapena kusintha mtundu. N'chimodzimodzi kuuma khosi, kunjenjemera manja ndi kutuluka dovu. Pali Artane wochepetsa zimenezo, ndipo nthawi zambiri zimasonyeza kuti mlingo wakula. Koma munthu amene waitanidwa ku intavyu Lolemba, poopa kukanjenjemera pamaso pa mabwana, amasiya kumwa Lachinayi.

Kafue ndi tauni imene inamangidwa ndi ntchito, ndipo kutha kwa ntchito ikukudziwa bwino. Makolo athu ambiri anachoka ku Katete, ku Chadiza, ku Petauke kutsatira fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inayamba mu 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Amene munali pano m'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000 mukukumbukira mmene mageti anayambira kutulutsa anthu ambiri kuposa olowa. Ntchito ikatha, chimapita si malipiro okha. Imapita nthawi yodzukira, imapita nthawi ya nkhomaliro imene munthu ankamwera mankhwala, imapita ndalama ya basi. Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 40, ukatsika m'tauni ukwerenso ya ku Chelstone kuti ukatsike pa chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama, pobwera chimodzimodzi. Ndiye bambo amayamba kudula piritsi pakati ndi mpeni wodulira tomato kuti afike kumapeto kwa mwezi, kapena kumwa lero, mawa kudumpha. Madzulo anzake amuitanira kachasu, amene akakumana ndi Largactil m'thupi amathandizana kugwetsa munthu. Chilala cha 2024 chinatikumbutsanso china: ena mwa mankhwalawa amautsa njala kwambiri, ndipo m'nyumba yodya kamodzi patsiku munthu amaona bola kusiya piritsi kusiyana ndi kugona m'mimba mukulira. Amene zakuthinani chotere, kaneneni mmene zilili pakiliniki yathu ya Nangongwe kapena ku Kafue General Hospital, mukafunse ngati mungamatengere mankhwala anu konkuno. Umphawi nawo ndi nkhani yoti adokotala aimve, chifukwa umalowa m'kasankhidwe ka mankhwala.

Kupeza ntchito nakonso kumasokoneza. Shifiti ya usiku kufakitale ya zitsulo, ulonda, kuyendetsa thiraki: piritsi logonetsa lija unkamwa pokagona tsopano ukulimwa polowa ntchito. Nthawi yomwera imatheka kusuntha, koma musunthire limodzi ndi achipatala. Inu asodzi, chiletso cha nsomba chimayamba pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale, muli pakhomo, tsiku la jakisoni simuphonya. Malichi akangolowa mumakatha masabata kumisasa, tsikulo n'kukupezani pakati pa madzi. Kakonzeretuni Febuluwale asanathe. Ndipo amene mukumwa Largactil, dzuwa la Okutobala si mnzanu. Khungu limapsa msanga, thupi limavutika kudziziziritsa. Chipewa ndi madzi zisakuchokeni.

Kusintha kwina kumabwera ndi matenda atsopano. Rifampicin wa TB, uja amafiiritsa mkodzo, amatsitsa mphamvu ya haloperidol ndi risperidone, moti munthu wokhulupirika pa mankhwala ake akhoza kuyamba kumvanso mawu m'makutu ali pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ya chithandizo cha TB, abale n'kumamunena kuti wasiya kumwa. Tegretol uja amafooketsanso dolutegravir, amene ali m'piritsi la ma ARV la TLD limene ambiri akumwa masiku ano, ndipo achipatala amayenera kuwonjezera dolutegravir kapena kusintha Tegretol. Vuto n'lakuti munthu mmodzi amakhala ndi makhadi anayi, la ma ARV, la TB, la sikelo, la maganizo, ndipo khomo lililonse limaona khadi lake lokha. Makompyuta a SmartCare alipo, koma magetsi akathima chimene chimalankhula ndi kathumba kapulasitiki. Ikani mapaketi onse m'kathumba kamodzi, ndi zitsamba za agogo zomwe, mukakhuthule patebulo pa khomo lililonse limene mwalowa. Posamuka, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala cha kumene mukupita, yolembedwa dzina la mankhwala, mlingo ndi tsiku la jakisoni womaliza. "Ndimamwa kapiritsi koyera kakang'ono" sizithandiza anamwino a ku Mazabuka. Mapiritsi oyera aang'ono ndi ambirimbiri.

Za maliro zimandikhudza mwapadera. Pamaliro timagona pasiwa masiku atatu, abambo panja pamoto, amayi m'nyumba akuimba mpaka mbandakucha. Kwa munthu wa bipolar, kuchezera usiku uwiri wotsatizana kungathe kudzutsa matenda amene anagona zaka. Ndipo kawirikawiri amene tamuika m'mandayo ndi yemwe uja ankaika piritsi pambali pa kapu. Pogawa zovala, mbale ndi njinga ya malemu timakhala tsiku lonse, mpaka kukangana, koma sindinamvepo wina akufunsa kuti ntchito ya 20 hours ija aitenga ndani. Mulekeni wodwalayo akagone kwa aneba, si mwano kwa malemu. Komanso chisoni si matenda. Namfedwa akamalira, musathamangire kumumwetsa diazepam wochokera m'chikwama cha munthu wina. Amazolowereka m'masabata ochepa, ndipo amene wamwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ngati wa khunyu.

Nanga ine ndi mlongo wanga tinabisiranji? Tinkaopa dzina limodzi, Chainama. Chipatala chija cha pa Great East Road chinatsegulidwa mu 1962, ndipo dzina lake tinalisandutsa chitonzo, monga anzathu a ku Malawi amachitira ndi Zomba. Ana akayambana pampira, wina amangoti "ndiwe wa ku Chainama", ndewu yayambika. Ngakhale lamulo linkatonza. Mental Disorders Act ya 1949 inkatchula odwala ndi mawu achingelezi otanthauza chitsiru ndi chidzete. Mu 2017 Bwalo Lalikulu la milandu, pa mlandu umene anakasuma a Gordon Mwewa ndi anzawo awiri, mmodzi mwa iwo a Sylvester Katontoka a bungwe la odwala eni ake la MHUNZA, linagamula kuti mawu amenewo akuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Mu 2019 kunabwera Mental Health Act yatsopano, imene mwa zina imalola munthu, mutu uli bwino, kusankhiratu womuimira pa nthawi imene adzadwale. Ndikamva ndime imeneyi ndimaona nkhope ya mkamwini wanga pa mlatho paja. Malo amenewo anali ake, ndipo amene anamumana ndine.

Musandimve ngati ndikuti aliyense aimbe ng'oma. Abwana a kuntchito, alandilodi, anzanu a kukwaya, zimenezo musankha nokha, ndipo ndikudziwa kuti alipo amene ntchito kapena banja linatha chifukwa chonena zoona. Mantha a mlongo wanga anali ndi pogwira. Mnyamata wina akanathawadi. Koma pansi pa denga limene mukugona payenera kukhala munthu mmodzi wodziwa dzina la mankhwala anu, nthawi yake, ndi zizindikiro zanu zoyamba. Kwa ena ndi kusagona, kwa ena kuwononga ndalama, kwa wathuyo ndi kuchapa usiku.

Sikutinso aliyense adzamwa mpaka kumanda. Amene wadwala kukhumudwa koyamba, akachira amapitiriza miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, kenaka achipatala amamutsitsira pang'onopang'ono mpaka kusiya. Kufunsa kuti "kodi ndingachepetse?" ndi ufulu wanu. Koma nthawi yoyesera ndi pamene pakhomo pali bata, osati mwezi wa ukwati, wa mayeso a Giredi 12 kapena wosamuka, pomwe anthu ambiri amasankhira, poti akuti moyo watsopano uyambe wopanda mapiritsi. Azibusa athu, mukamapempherera munthu, pemphererani ndi mapiritsi ake omwe, abwerere nawo kunyumba. Ndipo ngati alipo amene akundimvera usiku uno maganizo odzichotsera moyo akumuzungulira, imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline. Ya ana ndi 116.

Mwana wa mlongo wanga uja pano ali ndi ana awiri. Wachiwiriyu asanamuyembekezere, anapita kuchipatala awiriwiri ndi mwamuna wake patatsala theka la chaka, anamuchotsa pa Epilim n'kumuika pa ena, ndipo atachira mayi ake anakakhala nawo masabata asanu ndi limodzi kuti usiku azilera khanda ndi iwo, iye azigona. Anagwedezeka pang'ono sabata lachiwiri, mwamuna anaona, anawonjezera mlingo kuchipatala, sanagonekedwe. Khadi limayenda m'chikwama cha mkamwini, ndipo foni yake imalira 20 hours ngakhale ali pakati pa mathiraki kumalire. Amene sanandikhululukire ndi mayi ake a mnyamatayo. Tikakumana pamsika wa Nangongwe, ndikawapatsa moni amangoti "tili bwino", osandifunsa kuti kaya inu. Chino ndi chaka chachinayi.